Mfuko Agogoda Khoma la Khonsolo

Kalekale, inu ana khalani chete, akuluakulunso tcherani khutu, nyama zinamanga mudzi m'mbali mwa mtsinje wa Chisenjere. Poyamba zinali nyumba zowerengeka. Koma chilala chitavuta kumapiri, nyama zinayamba kutsika. Lero afika a Gwape, mawa a Nungu, mkuja a Mbira akatundu ali pamutu. Mudzi unatupa, unatupa, mpaka unasanduka tauni. Pamsika panali pikitipikiti, zinyalala zili mbwee.

Nyama zinagwirizana zokhala ndi khonsolo, ndipo pampando zinaikapo Mvuu. Zinkati, "Taonani mimbayo. Ameneyu ngokhuta kale, sangatibere."

Mfuko ndiye anafika mochedwa. Malo okwera anali atatha, choncho khonsolo inampatsa puloti kudambo, kumunsi kwenikweni. Iye maso ake sankaona patali, koma anali wakhama. Anakumba nyumba yabwino, nalowetsamo mkazi wake Nangozo ndi ana awo awiri.

Tsiku lina Nangozo anati, "Bambo a ana, dothi lino likununkha madzi. Mtsinjewu ukadzakwiya tidzathawira kuti?"

Mfuko anapita kukanena pamsonkhano wa tauni yonse. Akudambo anzake anavomereza, ndipo panamangidwa mfundo: banja lililonse lizipereka dengu la chimanga pokolola, khonsolo ilipire amisiri omanga khoma lotchinga madzi. Madengu anapita. Mfuko ndi Nangozo anakoka lawo tsiku lathunthu, kwee, kwee, mpaka kunkhokwe ya khonsolo.

Chaka chinatha. Khoma silinaoneke. Chimene chinaoneka ndi chipata chachikulu panjira yolowera m'tauni, cholembedwa kuti Takulandirani.

"Apampando, nanga khoma lija?" anafunsa Mfuko.

"Zili m'dongosolo," anatero Mvuu. "Alendo azidziwa kaye kuti afika m'tauni."

Chaka china madengu anapitanso. Anagula mpando watsopano, poti wakale unathyoka, tswa, Mvuu ali mkati molankhula.

"Apampando, khoma lija?"

"Zili m'dongosolo, achimwene. Chitukuko sachita kuthamangitsa."

"Tingaoneko m'nkhokwemo?"

Mvuu anaseka, mimba ili gwedegwede. "Inu muonamo chiyani ndi timaso timeneto?"

Msonkhano wonse unafa ndi phwete. Mfuko anabwerera kwawo atazyolika.

Mvula ya chaka chachitatu inabwera ndi mkwiyo. Inagwa kumapiri masiku anayi osakata. M'mawa wa tsiku lachisanu Mfuko anati, "Nangozo, ndikagwadenso. Mwina angaikeko ngakhale matumba a mchenga." Nangozo anamufunditsa tsamba la nthochi, nati abwere msanga, mwana wamng'ono watentha thupi.

Kuofesi anamukhazika pabenchi. Anati apampando ali pazokambirana, ndipo zokambiranazo zinkamveka kukutu, kukutu, ngati mano akuphwanya chimanga. Dzuwa lili pamutu, Mfuko anamva nthaka ikunjenjemera pansi pa mapazi ake. Kenaka mkokomo, wuuu! Anathamanga, kugwa, kudzuka, kugwa. Pofika kudambo, dambo kunalibe. Anali madzi okhaokha, ofiira, akupita ndi madenga.

Madzi ataphwa Mfuko anakumba masiku atatu, zikhadabo mpaka kutuluka magazi. Anapeza Nangozo pakhomo pa chipinda cha ana, atafungatira wamkulu, onse awiri atafa. Wamng'ono uja sanampeze. Mabanja asanu ndi awiri akudambo analira maliro sabata imeneyo.

Mvuu anafika pamaliro ndi mpando wake watsopano. Analankhula nthawi yaitali, napukuta m'maso mouma, nalonjeza kuti khoma limangidwa mwezi usanathe. Ntchitoyo anaipereka kwa mlamu wake Nguluwe, ndipo anapempha dengu lina lapadera. Anamfedwa omwe anapereka.

Mwezi usanathe khoma linaimadi, lalitali, losalala, lopakidwa laimu mbee! Analizinga ndi chingwe kuti wina asayandikire lisanatsegulidwe. Nyama zinkaima patali n'kumati, "Koma abale, a Mvuu agwira ntchito."

Mfuko sankaliona. Kwa iye chinali chinthu choyera chabe, ngati mtambo. Tsiku lina masana, alonda a khomalo atabisala dzuwa, anadzera pansi pa nthaka natulukira patsinde pa khomalo. Anagogoda. Linayankha kuti phu, phu, ngati chikho chopanda kanthu. Anakanda pang'ono. Dothi linali lopyapyala ngati chikhadabo, kuseri kwake bango lolukidwa, ndipo m'kati munkatuluka fungo la chimanga. Apa ndi pamene Mvuu ndi mlamu wake anabisa matumba a chimanga chotsala, poopa kuti wina angaumirire zotsegula nkhokwe.

Mfuko anakhala pansi nalira. Ataleka kulira anaganiza. Akanena, ndani angakhulupirire wosaona? Anatseka kabowo kaja bwinobwino, nabwerera.

Tsiku lotsegulira khoma linafika. Ng'oma zinalira, amayi a Nkhwali akutsogolera nyimbo. Mvuu atamaliza kudziyamikira, Mfuko anakwawa mpaka kutsogolo, naomba m'manja mwaulemu.

"Apampando, ine ndabwera kudzapepesa. Ndinkakuvutitsani, osadziwa kuti zinalidi m'dongosolo."

"Mwamva?" anatero Mvuu, akuyang'ana khamu. "Ngakhale uyu waona!"

"Kuona ndiye ayi, bwana, mukudziwa timaso tanga. Anzangawa akhuta ndi maso, ine ndimakhuta ndi makutu. Ndipempheko kanthu kamodzi, ine wamasiye. Mukwere pakhomapo, mupondepo katatu ndi mphamvu. Ndikamva kulimba kwake, ndikawauza a Nangozo kumanda kuti agone, anzawo otsala sadzafanso ndi madzi."

Amayi ena anayamba kusisima.

Mvuu anatsokomola. "Asing'anga anandiletsa kukwera pamalo okwera."

"Pepani, sindinadziwe," anatero Mfuko. "Basi ndikawauza kuti khoma lilipo, koma mwini wake akuliopa."

"Ndani akuopa?"

"Palibe, bwana. Kungoti ndine mbuli. Ndimayesa khoma loti libweze mtsinje wonse wa Chisenjere silingalephere kusenza munthu mmodzi."

Amayi a Nkhwali, amene mwana wawo nayenso anapita ndi madzi, anayambitsa nyimbo: "Akwere, akwere, apampando akwere!" Khamu lonse linalandira. Mvuu anayang'ana uku ndi uku kufuna mlamu wake, koma Nguluwe anali atayamba kale kubwerera chambuyo, pang'onopang'ono, kulowera kuthengo.

Mvuu anakwera. Bango linalira, tsetse, tsetse. Thukuta lili kamukamu, anaponda kamodzi mwaulemu, ngati akuponda mazira.

"Sindinamve, bwana!" anafuula Mfuko.

Anaponda kachiwiri.

"Makutu anga alowa matope a tsiku lija. Pondani ngati mwamuna!"

Kachitatu sikanakwane. Phwaa! Khoma linang'ambika pakati, Mvuu n'kumira mpaka m'khosi, miyendo ili piriupiriu m'kati. Matumba anaphulika, chimanga chinakhuthuka, waaa, mpaka kukwirira mapazi a amene anachilima.

Palibe anaseka. Amayi a Nkhwali anatola njere imodzi, naiyang'ana, nati, "Mwana wanga anafera ichi?"

Mvuu anadzisolola, nathamanga mpaka mumtsinje, thibu! Mpaka lero akadali momwemo. Amangotulutsa maso ndi makutu kuti amve ngati nkhani ija inaiwalika.

Chimanga chotsalacho anachiika pabwalo poyera, ndipo nyama zinamanga zokha khoma la miyala. Zinampempha Mfuko kuti akhale pampando, koma anakana. Anati ali ndi ntchito ina imene sanaimalize. Analowa pansi, kukafuna mwana wake wamng'ono uja. Timilu ta dothi timene mumatipeza m'munda m'mawa, ndi iyeyo. Amatulukira, kununkhiza mphepo, n'kupeza kuti si pano, n'kulowanso. Inu ana, mukatiwona musamatiponde.

Nanunso akuluakulu, akakuitanani kukaombera m'manja chinthu chimene munasonkhera, pitani ndithu, nyimbo muimbe. Koma m'manjamo musungeko chala chimodzi chogogodera.

Yanga yathera apa. Fukulani mbatata paphulusapo, ingapserere.