Kwanu Kulibe Mkamwini

Kalekale, mwanangu, tchalitchi chathu chikadali chofolera ndi udzu, kudali mwamuna wina dzina lake Filimoni. Nyimbo umaikonda ija adapeka ndi iyeyo.

Filimoni adali mkamwini. Adasiya kwawo, nadzakhala kwa mkazi wake Nankhoma. Adalima. Adamanga. Adabereka mwana mmodzi, Esinati.

Kenako Nankhoma adadwala, namwalira.

Mwambo udali wodziwika. Mkazi akamwalira, abale ake amamsudzula mkamwini kuti azipita kwawo. Koma mwana sapita. Mwana ndi wa kuchikazi.

A Chikhasu, malume a Esinati, adati, "Alamu, tikakolola tidzakusudzulani."

"Ndamva. Nanga mwana?"

"Mwana ali ndi eni ake."

Filimoni adatenga khasu, ulendo kumunda. Kumeneko adagwada, koma pemphero lidakana kutuluka. Idatuluka ndi nyimbo:

Kwanu, Ambuye, kulibe mkamwini,
Kwanu sasudzula munthu.
Ndikati odi, mudzati lowa,
Ndiwe mwana wa pakhomo.

Mawa lake, kuimba. Mkuja, kuimba. Chimanga chikukula, masiku akutha.

Tsono munda wake udachita malire ndi wa apongozi ake, a Naphiri. Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Zaka zisanu ndi ziwiri, awiriwo sadalankhulanepo. Koma chiyambireni maliro, Filimoni akamaweruka amapeza nkhaka ziwiri pachitsa. Tsiku lina mbatata yootcha, yofundabe. Woikayo sadamuone.

Anthu adakolola. Filimoni adapinda mphasa, namanga pamodzi ndi khasu ndi Baibulo.

"Ababa, mukupita kuti?" adafunsa Esinati.

"Pafupi pompa."

"Nanga mphasa njachiyani?"

Filimoni adangomupukuta mamina mwanayo.

Tsiku lidakwana. Mbumba yonse idakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna uku, akazi uko. A Chikhasu adaimirira.

"Alamu, mwakhala nafe bwino. Palibe mlandu. Lero tikukumasulani kuti..."

Sadamalize. Kumbuyo kwa akazi kudamveka mawu okalamba, onjenjemera:

Kwanu, Ambuye, kulibe mkamwini,
Kwanu sasudzula munthu.

Adali a Naphiri, atafulatira, nsalu kumutu. Adaimba mpaka kumapeto, osaphonya liwu. Kani miyezi yonseyo ankapalira akumvetsera!

Atatha adati, "Chikhasu, Lamulungu lililonse umati Mulungu ndi Atate. Iye sasudzula. Iwe ndiwe wamkulu kuposa Iye?"

"Amayi, koma mwambo..."

"Mwambo ndiwo udzamuchotse minga mwanayu? Amayi ake tayika. Tiyikenso abambo ake ali moyo?"



A Chikhasu adakanda m'mutu. "Ine ndimangolankhulira mbumba. Mbumba ikuti bwanji?"

"Akhale!" adatero mayi wina.

"Akhale! Akhale!" adavomera onse.

"Chabwino, akhale. Ndiponso denga langa likudontha, ndimadandaula kuti afolere ndani."

Anthu adaseka. Filimoni adapuma mpweya wautali, ngati watula mtolo wa nkhuni zaziwisi. Esinati adathamanga, nadzamukhalira pamwendo.

Mwamunayo adafuna kuthokoza, koma apongozi sayang'anidwa. Ndiye adagwada, nayang'ana tsinde la mango, nawomba m'manja. "Zikomo, zikomo kwambiri."

Apongozi nawo, maso ali kunkhokwe, adati, "Chikhasu, muuze kuti tamva."

Nyimboyo akazi adaitengera pamtondo. Kuchoka pamtondo idapita kumaliro. Kuchoka kumaliro idalowa m'tchalitchi, ndipo siidatulukenso.

Waona, mwanangu? Filimoni adaimba atauzidwa kale kuti adzasudzulidwa, asadadziwe kuti akhala. Chikhulupiriro ndi chimenecho. Ndipo Mulungu poyankha sachita kugunda ngati bingu. Nthawi zina amangotuma munthu wa m'munda woyandikana nawo, yemwe sudalankhule naye n'komwe.

Yanga nthano yathera pomwepo.