Bakha ndi Botolo la Mphete

Kuseri kwa sukulu ina ya sekondale kunkakhala Khoswe ndi Bakha, ndipo awiriwa sankamwerana madzi. Chaka chathacho Khoswe anaba dzira m'chisa cha Bakha, ndipo Bakha sanaiwale. Khoswe ankagona kudenga la chipinda cha sayansi, komwe ankamvera maphunziro onse osalembetsa dzina. Bakha ankalera ana ake asanu ndi awiri pa kadziwe ka kumapeto kwa ngalande.

Tsiku lina m'mawa wantchito wina waulesi anataya botolo long'aluka m'ngalandemo. Khoswe anatsika kukaona, napeza chizindikiro papepala la botololo: mphete ya ngodya zisanu ndi imodzi, yokhala ndi kabwalo mkati. Anathamangira kudziwe mtima uli m'mwamba. Anapeza Bakha akudzoza ana ake mafuta a kumchira, monga ankachitira m'mawa uliwonse kuti nthenga zisanyowe.

"Mayi, lero ana asalowe m'madzimo," anatero Khoswe. "Mwatayikira benzini."

"Benzini ndiye ndani? Mbale wako wakuba mazira?"

Khoswe anameza mkwiyo wake. "Ndi mankhwala. Aphunzitsi amati ndi maatomu asanu ndi limodzi a kaboni ogwirana manja mozungulira, lililonse litanyamula haidrojeni wake, ndipo mpheteyo siiduka wamba. Sasakanikirana ndi madzi, amangoyandama pamwamba. Choopsa n'chakuti amasungunula mafuta, ngakhale amene mukudzoza anawo."

Bakha anaweramira kumadzi, nanunkhiza. "Fungo lokoma chonchi? Poizoni amanunkha, mbava iwe!"

"Banja lonse la mankhwala amenewa ndi lonunkhira chonchi!" anakalipa Khoswe. "Toluwini wa m'mankhwala osungunulira penti ndi mphete yomweyo yophukira kanthambi. Nafitalini, timibulu toyera ta m'masutikesi tija, ndi mphete ziwiri zolumikizana. Kafunseni Njenjete ngati fungo limenelo linamusiyira mwana."

"Ndakudziwa," anatero Bakha, nthenga zili nyankhalala. "Ukufuna ndiwasiye kumtunda kuti uwatole bwino mmodzimmodzi."

Apa Khoswe anapsa mtima kwambiri. Iye kusiya chimanga chake kudenga, kuthamanga mtunda wonsewo, malipiro ake n'kukhala kutukwanidwa! Komabe anaima panjira ya anawo, natambasula manja. Bakha anamujompha pakhutu mpaka magazi, ndipo Khoswe anagwera m'matope.

"Pitani, nanga ndi anga!" anakuwa. "Kasambeni fungo lanulo!"

Anawo analowa m'madzi pamzere, mayi awo ali patsogolo. Sipanatenge nthawi. Nthenga zawo zinamatirira kuthupi, madzi n'kulowa mpaka pakhungu, ndipo mpweya wa mankhwalawo unawachititsa chizungulire. Anayamba kumira mmodzimmodzi, Bakha akuzungulirazungulira osadziwa woyamba kumugwira, nayenso mapiko atalemera ngati bulangete lonyowa.

Khoswe anafuna kutembenuka n'kumapita, pakuti khutu linali kumuwawabe. Koma kulira kwa anawo kunamukanika. Analuma bango, nalikankhira m'madzi akutukwana, mpaka anakoka ana awiri. Asanu aja sanatuluke.

Bakha anakwawira kumtunda, nayang'ana ana awiri otsalawo. Mkwiyo unali usanamuchoke, unangosowa kolowera.

"Iwe unkadziwa!" analira. "Bwanji sunandiumirize?"

Khoswe anagwira khutu lake long'ambika. Anali wokwiyira Bakha, wokwiyira wotaya botolo uja, koma makamaka anali wodzikwiyira yekha.

"Ndinakuuzani zoona zokhazokha lero, mayi," anatero. "Koma inu simunamve ine. Munkamva dzira lija."

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale amene unayambana naye, yesa mawuwo usanayese mwini wake. Nawenso wochenjeza, dziwa kuti ukaba kamodzi, tsiku limene udzanene zoona anthu adzamva kuba kwako.