Nkhoswe Amene Anameza Nkhuku

Ku Limbe kunali bambo wina wogulitsa matayala. Anali wonenepa kwambiri, moti pomanga zingwe za nsapato ankapumira kawiri. Matenda a shuga atamufika pakhosi, anapita kunja kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Koma iye anauza anthu kuti akupita kukaoda katundu.

Pomutulutsa m'chipatala, dokotala anati, "Kwa milungu isanu ndi umodzi muzidya zofewa zokhazokha, zosalala ngati phala la mwana. Mukameza cholimba, ulusi wa m'katimu uduka."

Mkazi wake anayamba kumusinjira maungu, nthochi zakupsa ndi chipere chosefa. Iye ankadya ndi kasupuni ka tiyi, kuchipinda, chitseko chotseka. Njala sinkamuvuta ayi. Chinkamupweteka ndi manyazi.

Pa mlungu wachitatu kunali chinkhoswe cha mwana wamkazi wa mchemwali wake, ndipo nkhoswe wa kuchikazi anali iyeyo. Mwambo wake mukuudziwa: amabweretsa nkhuku yowotcha, ankhoswe a mbali zonse ziwiri n'kuing'amba ndi kudya pamaso pa anthu, kusonyeza kuti mabanja agwirizana.

M'mawa wa tsikulo mkazi wake anamuchonderera. "Bambo, kauzeni nkhoswe mnzanuyo. Amvetsa."

"Mayi, mukufuna tauni yonse idziwe kuti ndikudya zamakanda?" anayankha motero, akukonza tayi.

Nkhuku inabwera. Amayi anaimba nthungululu, mafoni ali m'mwamba kujambula. Bamboyo anagwira ntchafu, nayang'ana mkazi wake, mkazi akupukusa mutu. Anayang'ananso khamulo. Kenako analuma, natafuna kawiri, nameza. Anthu anawomba m'manja.

Nyimbo yotsatira isanathe, bamboyo thukuta linali kamukamu. Anagwira pamimba, napindika, nagwa pakati pa bwalo, magazi akutuluka m'kamwa. Abale anga, kunali chipwirikiti! Ng'oma zinaima, mtsikana mwini chinkhoswe anakomoka, ndipo galimoto imene anaikongoletsa ndi maluwa kuti inyamule atsikana ndi imene inathamangira naye kuchipatala. Anamung'ambanso pamimba. Anapulumuka, koma kwa miyezi iwiri chakudya chinkalowa kudzera m'kapaipi ka pamphuno.

Nkhoswe wa kuchimuna, mkulu wa imvi, anabwera kudzamuona. Atamva nkhani yonse, anagwira pakamwa.

"Achimwene, n'chifukwa chake? Inetu mano akumbuyo ndilibe. Nkhuku ija ndinangoigunditsa pamlomo n'kuibwezera m'mbale. Palibe anaona, palibenso anafunsa."

Bamboyo analira ngati mwana.

Okondedwa, ambiri mwa ife Mulungu watigwira m'kati. Wadula zina, wasoka zina, ndipo bala lidakali laliwisi. Wina wasiya mowa mwezi watha. Wina wangobwerera kwa mkazi wake dzana. Iye amene anakusoka ndi amene akudziwa chimene ungathe kumeza lero. Koma iwe ukuopa maso a anthu, ukufuna kuoneka wamphamvu, ndiye ukulandira chilichonse chimene akupatsa pabwalo. Anthu amenewo sakuwerenga n'komwe kutafuna kwako. Adzawomba m'manja n'kubwerera kwawo, koma ulusi wodukawo udzakhala m'mimba mwako. Kunena kuti, "Pepani, ine ndidakali kuchira," si kufooka. Nena lero, pakamwa pako pasanatuluke magazi.