Njere Zana pa Chiguduli

Panali mayi wina amene ankagulitsa mbewu pamsika wa pamphambano, pomwe msewu wafumbi umakumana ndi waphula. Benchi lake linali pansi pa mtengo wa kesha. M'mawa wina wa mu Novembala, mvula yoyamba itagwa dzulo lake, panafika a Nankhoma, mayi wamasiye wa kutsidya kwa dambo, atabereka mwana wawo wotsiriza. Anamasula mfundo ya pachitenje nagula mapaketi awiri a chimanga chofiira bwino.

"Chaka chino mwatsitsa chonchi, amayi? Kapena mwayamba kupemphera?" anatero a Nankhoma akuseka.

"Kupemphera ndinayamba kalekale. Watsitsa ndi boma," anayankha mayiyo, uku akupatsa mwana uja nthochi.

A Nankhoma anasenza mbewu zawo nkumapita.

Mayiyo sananame. M'dziko limenelo kale munali woyendera misika, bambo wa njinga yakapalasa. Mbewu isanagulitsidwe, iye ankatapa njere zana m'thumba lililonse, nkuziyala pa chiguduli chonyowa, nkuchikulunga, nkudzabweranso patatha masiku asanu ndi awiri kudzawerenga zomera. Amalonda ankadana naye. Sabata inkawathera akudikira, ndipo msonkho wake unkakweza mtengo.

Tsono akuluakulu a dziko anati malamulo achuluka, ndiwo akudulitsa katundu. Anatinso milandu yachuluka, ndiyo ikuopseza amalonda. Anamuchotsa ntchito woyendera uja, nakhazikitsa lamulo lakuti wogula akadandaula kukhoti, asalandire choposa mtengo wa chimene anagula. Ndipo mitengo inatsikadi. Osauka amene anali asanagwirepo paketi ya mbewu, chaka chimenecho anaigwira. Tsiku limene nkhaniyi inamveka pamsika, mayi wathu uja anaimba nthungululu pamodzi ndi anzake.

Mbewu yake anaioda kwa munthu wa lole amene sankamudziwa dzina.

Patapita sabata, m'munda mwa a Nankhoma munamera phando limodzi pa mapando khumi. Atafukula anapeza njere zitavunda. Chinali chimanga chakale cha m'nkhokwe, chodyedwa ndi anankafumbwe, chongopakidwa utoto. Pamene ankapeza mbewu ina yobwereza, mvula inali itapita patali.

A Nankhoma ndi anzawo asanu ndi mmodzi anakamusumira mayi wogulitsa mbewu uja kukhoti. Woweruza anawamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anavula magalasi.

"Ndamva, amayi. Koma lamulo likuti mtengo wa paketi. Munda sindingaulipiritse."

Mayi wogulitsa mbewu analipira pomwepo. Ndalama za a Nankhoma zinakwana mbale zitatu za madeya.

Mu Febuluwale, mwezi wa njala, mwana wa a Nankhoma uja anaikidwa m'manda. Mayi wogulitsa mbewu uja anapita kumaliro nakhala kumapeto kwa mphasa. Palibe amene anamuthamangitsa. Palibe amene anamuloza chala. Mayi wina anamusendezera madzi akumwa.

"Bwanji mwangoti ndwii, alamu?" anamufunsa a Chalunda, wamalonda wa benchi loyandikana nalo, tsiku la msika lotsatira. "Mlandu unatha. Khoti linakuyeretsani. Kodi utotowo munapaka ndinu?"

"Sindinapake ayi."

"Nanga tsono?"

Mayiyo anangokonza mapaketi pabenchi.

Chaka chinatembenuka. Mu Okutobala lole ina inaima pamphambano, mbewu yake yotsika mtengo kuposa ya chaka chatha. Amalonda anaunjikana. Mayiyo anapempha kuti atape njere m'matumba, ayese kaye.

"Mayi, ine ndilibe sabata yogona pano," anatero mwini lole. "Woyendera misika anapita kukalima fodya. Inu mwalowa ufumu wake liti?"

Anthu anaseka, ndipo lole inachoka yopanda kanthu.

Mayiyo anakwera basi kupita kutauni, nakaoda matumba anayi pamtengo wokwera. Koma ngakhale amenewo sanawakhulupirire. Anachapa ziguduli zinayi. Anawerenga njere zana m'thumba lililonse, naziyala m'mizere khumi, monga ankachitira bambo uja amene iye anamuimbira nthungululu atachotsedwa ntchito. Anakulunga ziguduli naziika pamthunzi, pamaso pa anthu onse, nkumaziwaza madzi m'mawa ndi masana.

Tsiku lachinayi mvula inagwa.

Mukudziwa, abale, mmene mlimi amakhalira nthaka ikanunkhira. Sadikira. Msika unadzaza kusanatenthe. Anthu anaima pabenchi lake ndalama zili m'manja.

"Tigulitseni, amayi, chinyontho chikutha!"

"Atsala masiku atatu."

"Ndani wakuletsani?"

"Palibe."

Anamuyang'ana ngati wodwala mutu, nasunthira kwa a Chalunda. Pofika masana a Chalunda anali atakutumula matumba awo onse.

"Alamu, ziguduli zanuzo mudzazidya ndi mchere kapena ndi tomato?" anafuula akumanga katundu panjinga.

Mayiyo ankadziwa chimene akutaya. Mbewu imagulidwa sabata imodzi pachaka, ndipo ndi sabata imeneyo imene inkadyetsa ana ake mpaka kukolola. Anayang'ana matumba ake odzaza. Lamulo linali kumbali yake. Akanayamba kugulitsa, palibe akanamufunsa. Anatenga chitini nawazanso madzi.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anafunyulula ziguduli pabenchi. Zitatu zinali zitayera ndi timizu, njere zoposa makumi asanu ndi anayi pa chilichonse. Chachinayi chinali ndi zomera makumi awiri zokha, zotsalazo zitachita nkhungu. Thumba limenelo analinyamulira kuseri kwa msika, nakumba dzenje, nalikwirira, kuti ngakhale nkhuku isatole.

Ogula anali atachepa. Anabwera ochedwa, ndi ena amene mbewu yotchipa inawakhumudwitsa chaka chatha. Ankadandaula za mtengo, koma ankawerama kuona timizu, ena nkumatikhudza.

Chakumasana panafika a Nankhoma. Kumsana kwawo kunalibe kanthu. Chichokereni kukhoti anali asanalankhulane ndi mayiyo. Anaima pabenchi, nawerenga zomera ndi chala, mzere ndi mzere, osafulumira.

"Izi ndi za thumba liti?"

"Ili, amayi."

"Mwadulitsa."

"Inde, ndadulitsa."

A Nankhoma anamasula mfundo ya pachitenje. Ndalama zawo zinakwana theka la zimene anagula chaka chatha. Mayiyo anafuna kuwonjezera ndi chikhatho, koma iwo anaphimba kukamwa kwa jumbo ndi dzanja.

"Ayi. Ndipatseni zanga zokha. Bola zimere."

Ndipo zinamera.

Abale anga, fanizoli silikunena kuti malamulo onse ndi abwino, kapena kuti kutsika kwa mitengo ndi tchimo. Ena mwa inu munagona ndi njala chifukwa cha kudula kwa zinthu, ndipo Mulungu anaona. Likunena chinthu chimodzi. Boma lingathe kuchotsa woyendera. Khoti lingathe kuika malire pa zimene ungalipire. Koma palibe amene anaikapo malire pa zimene mnzako angataye chifukwa cha iwe. Chimene chatsika pabenchi nthawi zina chimakalipiridwa kumunda, ndipo wolipira amakhala uja amene analibe.

Mayi uja analibe mlandu pamaso pa anthu. Akanatha kukhala moyo wake wonse atabisala kuseri kwa mawu akuti lamulo likulola. Koma Mulungu sadzatifunsa zimene lamulo linkalola. Adzatifunsa za munthu amene anaima patsogolo pathu atamasula mfundo ya pachitenje chake, akutikhulupirira. Tsono iwe wogaya chimanga, iwe wosoka, iwe womanga nyumba za anthu, iwe woyendetsa minibasi: pamene palibe wokuyang'anira, yala chiguduli chako wekha, ndipo udikire masiku ake. Mwana amene anapita sabwerera. Koma munda wa chaka chamawa ukadali m'manja mwathu.

Woyendera misika sanabwezeredwe ntchito, ndipo lamulo lija silinasinthe. Chaka chachitatu, mu Okutobala, a Chalunda anabwera kudzabwereka chitini chowazira madzi.