Nkhokwe ya mayi Nangondo

Ana inu amene mukuphunzira za makompyuta, mwambi uja wa atambala awiri mumaumva kawirikawiri, koma kumene unachokera simukudziwa. Ine ndinakula nkhokwe zikadalipo pakhomo lililonse, zonenepa, zofoleredwa bwino. Lero chimanga chimagona m'matumba kuchipinda ngati mlendo, ndipo mtima umandiwawa ndikakumbuka.

Kumapiri a ku Ntchisi kunali mayi wamasiye dzina lake Nangondo. Nkhokwe yake inali yaikulu moti munthu akaima mbali ino, wa mbali inayo samamuona. Chaka china chiswe chinadya mphanda zimene nkhokweyo inakhalapo, chimanga chili chodzaza, mvula ili pafupi. Ntchito yosintha mphanda ndi yodekha: umachirikiza kaye ndi mtengo, n'kuzula imodzi, n'kuzika yatsopano.

Mayiyo anali ndi ana aamuna awiri okwatira kumidzi ina. Wamkulu, Lufeyo, anabwera ku migodi ya ku Joni makutu atatheratu. Wamng'ono, Zakeyu, sankagwira ntchito osaimba. Poopa kuti wina sabwera, mayi anatumiza mawu amodzimodzi kwa onse: "Mawa tambala akalira, udzasinthe mphanda."

Tsoka lake, onse anali ana omvera. Usiku kunagwa mvula yoyamba, ndipo kutacha Lufeyo anatulukira mbali ya kum'mawa kwa nkhokwe, Zakeyu mbali ya kumadzulo. Wina samamva, wina ali pakalapakala ndi nyimbo. Aliyense anachirikiza mbali yake, aliyense anazula mphanda yake, akuyesa kuti mbali inayo yaima nji. Nkhokwe inapendama, n'kukhuthulira chimanga chonse m'matope.

"Achimwene, mwafika nthawi yanji?" anafunsa Zakeyu, mphanda ili m'manja.

"Ukuti chiyani?" anatero Lufeyo.

Nangondo anatuluka m'nyumba. Sanakalipe. Anatola chisononkho chimodzi, n'kuchipukuta ndi chitenje.

"Ana anga, nonse mwagwira bwino ntchito. Mukanakhala aulesi, ndikanadya chaka chino."

Mvula sinakate msanga, chimanga chambiri chinawola, ndipo banjalo linafika pa masika ndi mango ophika. Pomanga nkhokwe ina, mayi anasema mtengo umodzi wochirikizira n'kuusunga m'nyumba.

"Wopeza mtengowu ndiye agwire. Wopeza palibe akhale pakhonde, adikire. Mtengo ukabwerera, ayambe waona ngati ntchito yatsala. Atambala awiri salira m'khola limodzi."

Anthu a m'mudzimo anatola mawuwo, mpaka anafika kwa ife.

Ndinawakumbukira nditayamba ntchito ya makompyuta. Masiku ano pulogalamu yatsopano imadzitumiza yokha kumaseva ambiri, makompyuta akuluakulu otumikira anthu, ndipo seva iliyonse ikadzuka imathamangira kukasintha kamangidwe ka detabesi, nkhokwe imene timasungamo zonse za anthu. Maseva alibe makutu, komanso ndi omvera koopsa. Seva ziwiri zikagwira pamodzi, ina imachotsa chimene inzake yatsamira. N'chifukwa chake timaika loko m'detabesi momwemo: yoyamba kutenga kiyi ndiyo isinthe, zinazo zidikire, kenako zione ngati ntchito yatha kale.

Choncho mwambiwu sukunena za ndewu zokha, monga ambiri amaganizira. Ukunenanso za anthu abwino, ofulumira, otumidwa ndi mawu amodzi. Atambala awiri salira m'khola limodzi: pali ntchito zina zimene wachiwiri, ngakhale akhale waluso chotani, thandizo lake ndi kudikira. Nangondo anaphunzira zimenezi ndi njala, ana ake onse awiri akumukonda.