Mpando wa aNangondo

Panali munthu wina, mayi wa ana atatu, amene kwawo ankamutchula aNangondo. Ankagwira ntchito ya zaumoyo pa chipatala china chaching'ono chakumudzi. Kuyeza ana pasikelo, kubaya katemera, kuthira mankhwala m'zitsime, ntchito yake inali imeneyo. Koma anthu athu mukuwadziwa: aliyense wovala yunifolomu pachipatala ndi adokotala. Mudzi wonse unkangoti adokotala, adokotala, iye n'kumamwetulira.

Tsiku lina kunabwera mtsikana atabereka mwana wobanika. Dokotala weniweni panalibe, wapafupi anali ku boma. Mtsikanayo anagwada n'kuika mwanayo m'manja mwa mayiyu.

"Adokotala, ndithandizeni."

Mayiyu anachita zonse zimene ankadziwa, koma zinali zochepa. Mwanayo anatsirizikira m'njira, popita ku boma.

Kuyambira pamenepo dzina lija linayamba kumuwawa. Munthu akati adokotala, mtima unkamulasa. Anaona kuti pali njira ziwiri zokha, kulikana dzinalo kapena kuliyenera. Anasankha kuliyenera.

Koma satifiketi yake ya Fomu 4, abale inu! Chichewa ndi Chingerezi zinali bwino. Bayoloje anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Kemisitile, Fizikisi ndi Masamu, tingoti Mulungu amutonthoze amene ankachonga. Ndipo kusukulu ya udokotala safunsa kuti wabaya ana angati katemera, amafuna sayansi. Zaka zinali zitayandikira makumi anayi, imvi zitayamba kusuzumira pansi pa duku. Anakalembetsabe kusukulu yamasana ya obwereza, kuti alembenso mayeso.

Tsiku loyamba atalowa m'kalasi, ana ena anagwira mikono yawo poganiza kuti kwabwera katemera. Mphunzitsi wa sayansi anali mnyamata amene mayiyu anamubayapo jakisoni ali kupulayimale, akulira mamina chuchuchu. Mnyamatayo atamuona, anawerama, n'kuthamangira ku ofesi. Anabwera atanyamula mpando wa ahedi, wotsamira, wakhushoni. Anauika kumbuyo kwa kalasi, pawindo pamene pankapita kamphepo.

"Adokotala, simungapanikizane ndi ana pabenchi. Khalani apa."

Musamunene mnyamatayo, analeredwa bwino. Unali ulemu weniweni. Koma tamverani zimene ulemuwo unachita.

Pakakhala funso, chala cha mphunzitsi chinkazungulira kalasi yonse, chikafika pampando uja n'kulumpha. Mwana angaloze bwanji mayi? Mayiyu akayankha yekha n'kuphonya, mphunzitsi ankati, "Ee, ndi ganizo labwino, adokotala, komanso ena amati," n'kunena yankho lenileni mofulumira, ngati akuphimba munthu amene chitenje chamumasuka. Kubolodi sankamuitana. Akafunsa kuti tonse tamva, mayiyu ankagwedeza mutu, poti munthu wamkulu sanganene pamaso pa ana kuti sanamve. Chaka chonse palibe anamuuzapo kuti walakwa.

Ochonga mayeso sadziwa za adokotala, amangoona nambala. Zotsatira zitatuluka, sayansi inali pompaja pamene inali kale.

Anakhumudwa kwambiri. Mwamuna wake anamuuza mwachifundo, "Mwayesa, aNangondo. Mutu wa munthu nawo umatopa. Pumulani." Iye anapempha chaka chimodzi chokha, nalonjeza kuti chikakanika asiya. Koma m'mtima ankadzifunsa kuti chaka chatsopanocho chidzasiyana pati ndi chatha, poti sanajombepo, ndipo mabuku ankawerenga.

Yankho analipeza kusikelo. M'mawa wina anapachika mwana kuti amuyeze, mwanayo n'kuyamba kulira. Mayi wake, pomva chisoni, anaika dzanja pansi n'kumuchirikiza pang'ono. ANangondo anakalipa monga mwa nthawi zonse.

"Chotsani dzanja, mayi! Musiyeni alendewere, alire, tidziwe kulemera kwake. Mukamugwira sikelo inama."

Atangonena mawuwo anaima chilili. Chaka chonse iyeyo anali mwana wapasikelo, ndipo dzanja la mphunzitsi linali pansi pake.

Sukulu itatsegulidwa anaupeza mpando uja ukumudikira pawindo, utapukutidwa bwinobwino. Sanakhalepo. Anausenza pamutu, ana akuyang'ana, n'kukautula ku ofesi. Anabwerera, napita pabenchi yakutsogolo, nauza atsikana awiri kuti asunthe. Kenaka anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, adokotala ndawasiya ku ofesi pamodzi ndi mpando wawo. Amene wakhala apa ndi Elube. Ndiitaneni kubolodi."

Mnyamatayo anayang'ana pansi. "Amayi, sindingathe."

"Ine pokubayani jakisoni munalira, koma sindinaleke. Lero jakisoni ali kwa inu. Bayani."

Anamupatsa choko. Funso linali la Kemisitile, lowerengetsa. Mayiyu analemba, nafufuta, nalembanso. Anaphonya. Mwana wina anaseka kumbuyo, kalasi yonse n'kuphulika.

"Mwalakwa," anatero mphunzitsi, mawu ali pansipansi.

"Kwezani mawu, amve onse."

"Mwalakwa, Elube."

"Pati?"

Mnyamatayo anatsatira ndi chala mzere ndi mzere mpaka anapapeza. Vuto silinali Kemisitile ayi. Mayiyu sankatha kugawa mafulakishoni, zinthu za kupulayimale. Zaka zonsezo ankamanga sayansi pamwamba pa dzenje limenelo, ndipo palibe analimba mtima kumuonetsa.

Manyazi anamuotcha, ndisakunamizeni. Ataweruka anakalira kuseri kwa kalasi. Koma mawa lake anabwera ndi buku la Masamu la mwana wake wotsiriza, wa Sitandade 6, naliika padesiki poyera, osalikuta n'komwe. Chaka chimenecho analakwa pafupifupi tsiku lililonse. Ana anaseka mpaka anatopa, kenaka anayamba kukangana naye mayankho ngati mnzawo. Mphunzitsi nayenso anazolowera, mwina mopitirira. Ankati akalowa, "Elube, kubolodi!" asanapereke ndi moni yemwe.

Mayeso anakhoza, sayansi yonse. Kusukulu ya udokotala anamutenga, ndipo anali wamkulu kuposa onse m'kalasi mwake. Kumeneko nako ankakhala kutsogolo.

Patapita zaka anabwerera kuchipatala chija. Tsiku lina kunamveka mfuu pakhomo, mayi akuthamanga atabereka mwana. "Adokotala! Adokotala!" Elube anatembenuka, natambasula manja, ndipo ulendo uno ankadziwa chochita. Mwanayo anabwerera kwawo ali kumbuyo kwa mayi wake, akuyamwa chala.

Tsono ndabwera kwa inu, akuluakulu anzanga amene mwabwereranso pabenchi chifukwa mukufuna udokotala. Zaka zanu sizindiopsa. Magiredi anu a sayansi ndawaona, ndi oipadi, koma nawonso sandiopsa. Chimene chimandiopsa ndi ulemu umene mwabwera nawo. Kunyumba ndinu bambo, kutchalitchi ndinu mkulu wa mpingo, kuntchito ndinu bwana, ndipo padutsa zaka chiuzidwireni kuti mwalakwa. Wodwala amene adzaikidwe m'manja mwanu sadzachira ndi ulemu umenewo.

Ndakuonani kuyambira sabata yatha, nonse mwadzazana kumbuyoko, benchi yakutsogolo ili mbee. Ndikafunsa kuti tamva, mitu yonse imagwedera pamodzi ngati kwaya. Ine dzanja ndachotsa, mulendewera ndithu. Funso lili pabolodi, choko ndi ichi. Ndani ayambe kulakwa?