Mlongoti ndi Mudzi wa Tingogona

Kale, kale ndithu, dzina limene mukuchita nalo manyazi ili lisanabadwe, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina wamtali, wouma mutu, dzina lake Mlongoti. Ndiye gogo wathu tonsefe.

Ndamva, ana inu, ndamva. Akuti mukakwera minibasi mumanama, mumati mukutsikira pa Mbuzisizanga, n'kumayenda wapansi mtunda wonsewo, kuopa kondakitala angakuwe kuti, "A ku Tingogona, dzukani, mwafika!" Nanga Mbuzisizanga ndi dzina labwino? Amene aja anakana mbuzi zawo zomwe zitadya m'munda mwa eni, dzina n'kuwakanirira. Lathuli silinabwere ndi ulesi ayi. Linabwera ndi mtima wa munthu. Sendezani mipando.

Mlongoti sanabadwire kuno. Kwawo kunali ku Chiphole, kuseri kwa mapiri aja amaoneka buluu kukacha bwino. Chaka china kunagwa dzombe. Linadya chimanga, linadya mawere, linadya mpaka masamba a mitengo. Anthu anayamba kukumba mizu. Mlongoti anasonkhanitsa mkazi wake Nankhoma, ana awo, ndi mabanja ena ochepa, kuti akafune kumene kuli chakudya.

Koma mayi ake anali okalamba, miyendo itafa. Mlongo wake wamng'ono, Naliyela, anati, "Achimwene, pitani ndi ana. Ine nditsala ndi amayi."

"Ndikapeza chimanga ndibwera," anatero Mlongoti. "Mvula isanagwe mundiona."

"Tidikira," anayankha Naliyela.

Anayenda, anayenda, anayenda. Ana kulira, akazi mapazi kutupa. Tsiku lina dzuwa litapendeka anafika pa kamtsinje kathu aka, napeza dambo lobiriwira, dzombe losafikako. Anthu anatula akatundu, ena n'kuyamba kale kuloza poti n'kumangapo. Mlongoti anakweza dzanja.

"Asadule mtengo munthu. Pano tingogona. Kwathu kulipo."

Anamanga misasa ya udzu. Anagona. Kutacha, akazi anapeza kuti dothi la m'dambo ndi lonyowa ngakhale m'chilimwe, nabzala maungu ndi chimanga cha m'dimba. Nanga munthu wabzala angachoke asanakolole? Anadikira. Atakolola, Nankhoma anali ndi pakati pokulirapo. Nanga mayi wotero angakwere mapiri? Anadikiranso. Mlongoti anapatsira mtolo wa chimanga anthu apaulendo opita cha kumeneko, koma ngati unafika kapena unathera m'njira, palibe anadziwa.

Mwana atabadwa, wamkazi, bambo ake anati dzina lake ndi Tibwerera. Koma mayi ake pomusambitsa ankamutcha Takhala. Mwanayo anakula ndi maina awiri. Akaitana bambo, ayankha. Akaitana mayi, ayankha. Ameneyo ndiye anabala agogo anga.

Chaka chachitatu kunabwera munthu wogulitsa makasu, wochokera kuseri kwa mapiri. Ameneyo ndiye anabweretsa uthenga: mayi a Mlongoti anamwalira kalekale, m'chaka chomwe chija cha dzombe, ndipo Naliyela anawaika ndi anthu adera.

Mukuganiza kuti ananyamuka? Sananyamuke. Manyazi anamugwira miyendo. Akanakamuyang'ana bwanji mlongo wake? Akanakanena chiyani? Chaka chilichonse ankati, "Tikakolola ndipita." Akakolola ankati, "Mvula ikatha ndipita." Ndipo pamene ankachedwa, ulendowo unkalemera.

Anzake aja anatopa ndi misasa. Anadula mitengo, anamata nyumba, anamanga nkhokwe ndi makola. Mudzi unakula. Koma Mlongoti, toto. Msasa wake ukaola ankangomweta udzu wina n'kuphimbapo. Alendo akadutsa n'kufunsa kuti, "Kodi mudzi uno ndi wa yani?" iye ankayankha msanga, ena asanatsegule pakamwa.

"Si mudzi uno. Tingogona."

Alendo aja ankayang'ana nkhokwe, ankayang'ana ana obadwira pompano akuthamangitsa nkhuku, n'kumapita akuseka. Kumsika ankati, "Fodya uyu ndagula kwa anthu aja ongogona." Wina n'kuti, "Ha, ku Tingogona?" Basi, dzina linamera pamenepo.

Nankhoma anapirira mvula zingapo akudontheredwa. Tsiku lina anaitana amuna a m'mudzi, anawaphikira mowa, amunawo n'kumumangira nyumba pafupi ndi msasa uja. Anaizira bwinobwino, n'kuima pakhomo.

"Bambo a Takhala, lowani."

"Mwana wanga ndi Tibwerera," anatero Mlongoti. "Ndipo nyumba yanga ili ku Chiphole."

Ankadya pakhonde la nyumbayo, ankacheza pakhondepo, koma kugona, mumsasa. Madzulo aliwonse ankakwera pachulu chija chili kuseri kwa tchalitchi, n'kukhala pansi kuyang'ana mapiri. Ukamupatsa madzi ankamwa n'kunena kuti, "Ndi madzi ndithu, koma a ku Chiphole amatsekemera." Ukamupatsa masuku ankati, "Timasuku ta kuno! Kwathu limodzi limadzaza dzanja." Ana ankamuseka, koma akulu sankaseka, chifukwa ankaona m'mene maso ake ankachitira akatchula dzina la Naliyela.

Zaka zinapita. Tsitsi linayera. Kenaka Nankhoma anadwala, matenda osadzuka nawo. Apo ndiye Mlongoti anawerama n'kulowa m'nyumba muja koyamba, nakhala pambali pa mphasa ya mkazi wake.

"Mwalowa lero," anatero Nankhoma.

"Ndalowa."

"Ndifunseko, bambo. Ine mukandiika kuti? Mundinyamula mpaka ku Chiphole?"

Nankhoma anadziyankha yekha.

"Mundiika pompano. Ana anga ndinabalira pano, manja anga anathera m'dambo ili. Inu munandisiya ndekha m'nyumba zaka zonsezi, muli pafupi pomwepa. Tsono akadzafunsa alendo za manda angawo, musadzawauze kuti ndikungogona."

Anamuika patsidya paja, pamene tsopano pali manda athu. Iye ndiye anali woyamba wa banja lathu kugona pamenepo. Maliro atatha, Mlongoti anatenga ndodo yake. Ana anamuletsa, anati mwakalamba, mukafera m'njira. Iye anati, "Ndachedwa kokwana." Ananyamuka yekha.

Anafika, ana inu. Anafika ku Chiphole. Koma Chiphole wake uti? Phiri lakwawo limene ankaliyesa lalitali linali kaphiri chabe. Chitsime chija cha madzi otsekemera chinali chitauma, anthu akutunga kwina. Pamene panali nyumba ya mayi ake panali munda wa fodya. Achinyamata ankamulonjera mwaulemu ngati mlendo, n'kumufunsa kuti, "Agogo, mukufuna kwa yani?"

Anamulozera kanyumba ka kumapeto. Pakhonde panali gogo wina wamng'ono thupi, akusenda chinangwa, maso atachita khungu. Mlongoti anaima patali. Kenaka anati, "Odi."

Mpeni unagwa pansi.

"Achimwene," anatero Naliyela. "Mvula ija sinagwebe?"

Mlongoti anagwada m'fumbi, munthu wamtali uja, n'kulira ngati mwana. Naliyela anamufufuza ndi manja, kumutu, kumaso, m'mapewa.

"Amayi anakuitanani mpaka mawu anauma," anatero. "Ine ndinakwiya nanu zaka zambiri. Kenaka mkwiyo unatha, n'kutsala kungofuna kumva mawu anu. Mukanabwera manjamanja, achimwene. Sitinkadikira chimanga ife ayi."

Anakhala kumeneko mpaka mwezi unafa, wina n'kuoneka. Adzukulu a Naliyela anamusamala bwino. Koma m'mawa uliwonse mlongo wake akamufunsa kuti wagona bwanji, ankati, "Tulo sitinabwere. Kuno kuli zii, kamtsinje sikamveka." Akaona mitambo ankati, "Kwathu pano abzala kale m'dimba." Akamva mwana akulira ankati, "Kwathu mdzukulu wanga wamng'ono ayenera kuti wayamba kuyenda."

Tsiku lina Naliyela anamugwira dzanja.

"Achimwene, mukuti kwathu, kwathu. Kwanu kuti?"

Mlongoti anacheukira kumapiri amene anadzera.

"Pitani kwanu," anatero Naliyela. "Alamu anga agona okha kumeneko."

"Tiye tonse, mlongo wanga. Ndikubereka ngati kuli kofunika."

Naliyela anaseka. "Mundibereka ndi msana uti? Ndipo manda a amayi ndiwasiyira yani? Ana anga awiri ali pambali pawo. Ine kwathu ndi kuno. Mwabwera, ndakumvani, zakwana."

Anamuperekeza mpaka pamphambano, atagwira m'mphepete mwa ndodo yake. Pamenepo anasiyana. Mlongoti ankati akayenda pang'ono n'kucheuka, n'kumuona ataimabe, nkhope italoza kolakwika, chifukwa sankadziwa kuti mchimwene wake wakhotera kuti. Sanaonanenso.

Atafika kuno, asanamwe ndi madzi omwe, anapempha nkhwangwa. Anagwetsa msasa uja ndi manja ake. M'mawa mwake anapita kuthengo kukadula nsanamira, nkhwangwa ikumuphonya. Amuna a m'mudzi ataona, anabwera onse osaitanidwa. Anaimika nyumba, akazi anamata, mwana wake uja wa maina awiri n'kuzira pansi. Atamaliza, bambo ake anamuitana pakhomo.

"Takhala, bwera udzaone."

Akuti Takhalayo, ali ndi ana akeake akuluakulu, anathawira kuseri kwa nyumba kukalira.

Mlongoti anayesa kusintha dzina la mudzi. Mlendo akafunsa, ankayankha mokweza kuti, "Uno ndi mudzi, mudzi weniweni, kwa Mlongoti!" Koma mlendoyo ankangoti, "Ehe, ku Tingogona kuja eti?" Dzina linali litapita kale kutali, kumisika, m'milomo ya anthu osamudziwa n'komwe. Likanabwezedwa ndi yani?

M'nyumba yakeyo anagonamo dzinja limodzi lokha. Masiku ake otsiriza sankatamanso madzi a ku Chiphole kapena masuku ake. Ankangofunsa aliyense wochokera kumapiri kuti, "Kodi kuli gogo wina wosaona, kanyumba ka kumapeto, mwamuona?" Anamuika pafupi ndi Nankhoma.

Ndiye mukuona, ana inu, chifukwa chake kwathu kuno tili ndi makhalidwe amene anthu amadabwa nawo. Mwana wa muno akapita kutauni, kaya ku Joni, timamuuza kuti kumene wafikako akhaleko ndi mtima wonse, asazunze amene ali naye pafupi chifukwa cha amene ali kutali. Ndipo timamuuzanso kuti akasowa abale ake abwere, ngakhale alibe kanthu m'manja, ngakhale wachedwa, asadikire kukolola. Gogo wathu anataya zaka zambiri ali pakati, kuno osakhala, uko osapita, ndipo akazi awiri amene ankamukonda anakalamba akumudikira.

Tsono mawa kondakitala akakuwa kuti, "A ku Tingogona, dzukani!" musabisale kuseri kwa mpando. Sekani nawo, chifukwa dzinalo ndi loseketsa ndithu. Mukatero imirirani, munene kuti, "Ndife, tafika kwathu," mutsike.